Kodi mantha ndi kutopa zimatanthauza kuti chikhulupiriro changa chachepa?

Mayi a Tadala, Chilobwe (Lolemba, 5:40 m'mawa)

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakhala pa gulu lino miyezi isanu ndi itatu ndikungowerenga osalemba kanthu, koma lero ndabwera ndi funso limene likundisowetsa tulo. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato, anyezi ndi masamba pamsika waung'ono, ndipo ku mpingo ndili wa Mvano. Pa 13 Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy, nyumba imene tinkachita lendi inagwa mbali imodzi ndipo katundu yense anapita. Ife tonse tinapulumuka, koma anansi athu ena amene tinkatunga nawo madzi pampopi umodzi sitinawaonenso amoyo. Tinakhala pamsasa wa pasukulu milungu ingapo, kenako tinapeza kanyumba kena kumunsi n'kuyambanso moyo ndi mapoto awiri opatsidwa.

M'chaka cha 2024 ntchito ya ulonda ya bambo a kunyumba inatha. Ndinatenga ngongole ya K200,000 ku banki m'khonde kuti ndiwonjezere mpamba ndiponso ndilipirire Tadala fizi ya Fomu 3, koma mitengo ya zinthu inakwera, tomato wina anaola, ndipo mpamba tinaudya pang'onopang'ono chifukwa ana sakanagona ndi njala. Tsiku lobweza ndi Loweruka likudzali, ndipo m'manja ndili ndi K60,000 yokha.

Chinthu chachiwiri n'chakuti mvula ikayamba kugwa usiku ndimadzuka, mtima ukugunda kwambiri, ndimadzutsa ana ndipo timakhala pafupi ndi chitseko mpaka mvulayo itakata. Nditauza mayi wina wa ku mpingo, anandiyankha kuti Mkhristu sachita mantha, ndipo kuti mantha angawa akusonyeza kuti chikhulupiriro changa chazilala. Chiyambire tsiku limenelo ndimachita manyazi kupemphera. Funso langa ndi ili: kodi munthu amene akuchita mantha ndiponso watopa ndi moyo angakhalebe wokhulupirira? Nanga kulimba mtima kumene timauzana tsiku ndi tsiku kumapezeka kuti?

M'bale wa ku Area 25 (Lolemba, 6:15 m'mawa)

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene mukukumana nazo. Ine ndikuona kuti imeneyi ndi nkhondo ya uzimu, chifukwa pa 2 Timoteo 1:7 timawerenga kuti mzimu umene Mulungu anatipatsa si wa mantha. Musalankhulenso mawu ogonja m'nyumba mwanu. Musale kudya masiku atatu, mudzuke pakati pa usiku ndi kudzudzula mzimu wa mantha ndi wa ngongole, ndipo pa ndalama imene muli nayoyo mutengepo gawo mukabzale mbewu kwa mtumiki wa Mulungu. Ine ndinachita zimenezi pamene ndinali pa ulova ndipo patapita miyezi iwiri ndinapeza ntchito. Ndikukupemphererani ndi mtima wonse.

Mkulu wa mpingo wopuma, Dowa (Lolemba, 9:02 m'mawa)

Mwana wanga, ndikuyankheni monga munthu wa zaka 74 amene waphunzitsa sukulu zaka zambiri ndipo wakhala pa maliro ochuluka kuposa amene angawerenge. Mawu amene mayi uja anakuuzani sanachokere m'Baibulo, ngakhale anawanena ndi cholinga chabwino.

Tsegulani mutu woyamba wa buku la Yoswa ndipo muwerenge kuti Mulungu akumuuza kangati kuti alimbe mtima. Mupeza katatu, pa ndime 6, 7 ndi 9, kenako anthu nawonso akumuuza zomwezo kumapeto kwa mutuwo. Munthu wopanda mantha samuuza chinthu chimenechi kanayi. Mose anali atangomwalira, mtsinje wa Yordano unali patsogolo, ndipo Yoswa anali ndi khamu la anthu limene linkayang'ana kwa iye monga ana anu akuyang'ana kwa inu. Mulungu sanamukalipire chifukwa cha kunjenjemerako. Anamulonjeza kuti adzakhala naye.

Koma nkhani imene ndikufuna muiwerenge modekha usiku uno ndi ya Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri ameneyu anali atangoona moto ukutsika kumwamba paphiri la Karimeli, komabe atamva uthenga wa Yezebeli anathawira kuchipululu, anakhala pansi pa mtengo napempha kuti afe. Taonani chimene Mulungu anachita. Sanayambe ndi ulaliki. Anamusiya agone, kenako mngelo anamudzutsa n'kumupatsa mkate ndi mtsuko wa madzi, anagonanso, ndipo anamudzutsanso kuti adye chifukwa ulendo unali wautali. Kulankhula kunabwera pambuyo pake, munthuyo atadya ndi kupumula. Ine ndimaona kuti ife a mpingo kawirikawiri timatembenuza ndondomekoyi, timayamba ndi kudzudzula munthu amene akufunika tulo ndi nsima.

Ambuye Yesu mwini wake ku Getsemane anauza ophunzira ake kuti moyo wake unali wozingidwa ndi chisoni cha imfa, ndipo anapempha anzake atatu kuti akhale naye maso. Ngati kuvutika mumtima kukanakhala tchimo, ndiye kuti Iye anachimwa usiku umenewo, ndipo tikudziwa kuti sanachimwe.

Mu njala ya 2002, kwathu kuno anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, ndipo ine ndinaika m'manda ana a sukulu amene ndinkawaphunzitsa. Ndinkachita mantha tsiku lililonse ndikaona nkhokwe yanga, ndipo masiku ena pemphero langa lonse linali mawu awiri okha akuti "Ambuye thandizeni." Sindikhulupirira kuti mapemphero aafupi amenewo anatayika.

Namwino, Zomba (Lolemba, 1:20 masana)

Ndikuthokoza agogo a ku Dowa, ndipo ndiwonjezere mbali ya ntchito yanga. Amayi a Tadala, kudzuka mvula ikayamba, mtima kugunda, kufuna kukhala pafupi ndi chitseko, zonsezi timaziona kawirikawiri mwa anthu amene anapulumuka ngozi yaikulu. Thupi linaphunzira tsiku lija kuti mkokomo wa mvula umabwera ndi imfa, ndipo likuyesetsa kukutetezani ngakhale pamene ngozi palibe. Zimenezi si chiwanda ndipo si tchimo, ndi bala la m'maganizo, ndipo monga bala lina lililonse limatha kupola likasamalidwa. Popeza papita pafupifupi zaka ziwiri zikukuchitikiranibe, ndikukulimbikitsani kuti mupite kuchipatala mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Anthu ambiri amaganiza kuti thandizo lotere lili ku Zomba Mental Hospital kokha kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma zipatala zikuluzikulu ndi za maboma zilinso ndi anthu ophunzira ntchito imeneyi, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wachita misala.

Kwa achimwene a ku Area 25 ndinene mwaulemu kuti sindingalangize mayi amene mwina akudya kamodzi patsiku, amenenso amanyamula dengu la tomato m'mawa uliwonse, kuti asale kudya masiku atatu. Ndine Mkhristu ndipo ndimasala kudya, koma ndaonanso anthu amene anasiya kumwa ma ARV atauzidwa kuti kumwa mankhwala ndi kukayikira Mulungu, ndipo ena a iwo tinawalandira mochedwa kwambiri. Mankhwalawo boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004, ndipo makolo ambiri amene akanamwalira alera ana awo mpaka kukula. Ine ndimawaona ngati mkate wa Eliya uja.

M'bale wa ku Area 25 (Lolemba, 2:05 masana)

Anamwino, sindikukana za chipatala. Koma pa nkhani ya mbewu, kodi mkazi wamasiye wa ku Zarefati sanapatse Eliya ufa wake wotsiriza, ndipo chozizwitsa chinabwera atapereka? Tikaopa kupereka chifukwa tili ndi zochepa, kodi sitikutsekereza tokha madalitso athu?

Nachisale, wa mphakati ku Dedza (Lolemba, 7:48 madzulo)

Achimwene, nkhani ya pa 1 Mafumu 17 ndimaikonda kwambiri, choncho tiyeni tiiwerenge yonse. Eliya sanatenge ufa wa mayi uja n'kubwerera kwawo. Anali mlendo wanjala, anakhala m'nyumba ya mayiyo, ankadya zimene banjalo linkadya, ndipo mwana atadwala n'kumwalira, mneneriyo anali pomwepo ndipo analira kwa Mulungu m'malo mwa mayiyo. Chinanso, ufa sunadzaze nkhokwe. Unkangokwanira tsiku limenelo, m'mawa mwake n'kupezekanso wa tsikulo, mpaka mvula inagwa. Mtumiki amene akufuna kufanana ndi Eliya abwere adzagone ku Chilobwe mvula ikugwa, adzadye masamba otsala pamsika, ndipo Loweruka adzaime pambali pa Amayi a Tadala pamaso pa gulu lawo. Ndalama imene ali nayo si yawonso, ndi ya amayi anzawo amene anasonkha movutikira, ndipo kuitenga kukapereka kwina si chikhulupiriro.

Yakobo 2:15-16 amafunsa kuti pali phindu lanji kuuza mbale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa zosowa za thupi. Mawu athu akuti "limbani mtima" nthawi zambiri amakhala otero, timawanena tikutembenuka kuti tizipita.

Ndikufuna ndikuuzeni tsiku limene ndinaona kulimba mtima ndi maso anga. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika a dziko lino. Inanena poyera za malipiro ochepa, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, ndiponso za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, pa nthawi imene munthu sankayerekeza kudandaula ngakhale pa basi. Ine ndinali mtsikana wa zaka 15. Pa tchalitchi chathu chaching'ono wansembe sanabwere tsiku limenelo, ndiye anawerenga ndi bambo wina wachikulire amene ankatsogolera mapemphero. Ndinakhala kutsogolo ndipo ndinaona pepala likunjenjemera m'manja mwake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu ake ankadukaduka, thukuta likutsika, koma sanadumphe mzere ngakhale umodzi. Masiku otsatira boma linanena kuti kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Bambo uja ankadziwa kuti akhoza kutengedwa usiku, ndipo anawerengabe. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavota pa referendamu yosankha pakati pa ulamuliro wa chipani chimodzi ndi wa zipani zambiri. Ndikamva munthu akunena kuti Mkhristu sanjenjemera, ndimakumbukira pepala lija.

Mphunzitsi, Kasungu (Lolemba, 9:30 usiku)

Amayi Nachisale atsegula khomo limene ndimafuna kulowa. Nkhawa yanga ndi yakuti nthawi zina timagwiritsa ntchito chikhulupiriro pophunzitsa anthu kupirira zinthu zimene zimafunika kukonzedwa. Mpamba wa Amayi a Tadala sunathe chifukwa cha mzimu woipa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 chilala cha El Niño chinachititsa kuti boma lilengeze za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Munthu wogulitsa tomato sangapikisane ndi zimenezi ngakhale atapemphera usiku wonse. Phiri la Soche nalonso linametedwa mitengo kwa zaka zambiri, ndipo anthu anamanga m'mphepete mwake chifukwa malo otsika mtengo m'tauni kulibe. Aneneri monga Amosi sanauze osauka kuti angopirira, anadzudzula amene ankachepetsa muyeso ndi kukweza mtengo. Kulimba mtima kwa Mkhristu kuphatikizepo kufunsa khansala ndi phungu wa dera lake za ngalande, za malo okhala ndi za mtengo wa chimanga.

Mkulu wa mpingo wopuma, Dowa (Lachiwiri, 6:10 m'mawa)

Aphunzitsi, mwanena zoona ndipo sindikutsutsani. Ndingopempha kuti tisaiwale kuti mlongo wathuyu ali ndi masiku anayi okha kuti Loweruka lifike, ndipo ngalande sizikumbidwa sabata ino.

Wa kabaza, Lunzu (Lachiwiri, 8:55 usiku)

Ndakhala ndikuwerenga kuyambira dzulo ndipo ndaona kuti ndilembe, ngakhale nkhani yanga sindinaiuzepo anthu ambiri. Ndinatenga njinga yamoto pa ngongole yoti ndizibweza sabata iliyonse. Kumapeto kwa 2024, pamene mafuta anasowa, ndinkagona pamzere masiku awiri kuti ndipeze malita ochepa, kapena kugula a m'zigubu pa mtengo woti phindu lonse linkathera pomwepo. Nditalephera kubweza masabata atatu ndinapita kwa munthu wa katapila kuti nditseke dzenje loyambalo, ndipo pakutha kwa mwezi ndinali ndi maenje awiri, lachiwiri lozama kuposa loyamba. Mayi a kunyumba sankadziwa chilichonse. Ndinkafika madzulo ndi kamkate, ndikumwetulira, ndipo Lamulungu ndinkaimba kwaya ngati munthu amene zonse zili bwino.

Ndinafika poganiza kuti banja langa likhala bwino ine kulibe. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti pa gulu lino pali abambo ena amene akuwerenga mwakachetechete ali ndi maganizo omwewo, popeza ife tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Chimene chinandipulumutsa ndi mnzanga wa pasiteji, wa mpingo wina, amene anaona kuti ndasiya kucheza. Tsiku lina anaimika njinga yake, anandigulira chimanga chootcha, ndipo anandifunsa molunjika ngati ndikuganiza zodzichotsera moyo. Ndinalira pamaso pa anthu. Usiku womwewo anandiperekeza kunyumba ndipo anakhala pakhonde mpaka nditamaliza kuuza mayi a kunyumba zonse.

Njingayo anailanda, ndipo pano ndikupalasa ya kapalasa ya mlamu wanga. Ngongole ya katapila ndikubwezabe. Koma ndimagona, ndipo ndikapemphera sindikhalanso ngati munthu amene akubisa chinthu kumbuyo. Amayi a Tadala, ndikufunseni mwaulemu: kodi bambo a kunyumba akudziwa za ngongoleyi?

Mayi a Tadala, Chilobwe (Lachitatu, 4:50 m'mawa)

Achimwene a ku Lunzu, funso lanu landikhudza pamene ndinkabisa. Bambo a Tadala sakudziwa. Akudziwa kuti ndili mu banki m'khonde, koma sakudziwa kuchuluka kwa ngongole kapena kuti mpamba unatha. Ndinawabisira chifukwa chiwachotsereni ntchito amangokhala chete, amadzuka m'mamawa kukafuna maganyu n'kubwerera opanda kanthu, ndipo ndinkaopa kuwasenzetsa katundu wina. Ndivomerenso kuti dzulo ndinafika pakhomo pa mayi wina wa katapila, ndipo ndinabwerera chifukwa sanalipo. Ku Mvano sindinapite Lachinayi lapitali ndi linzake, chifukwa msungichuma wa banki yathu timakhala benchi imodzi ndipo sindikanatha kumuyang'ana m'maso.

Agogo a ku Dowa, ndawerenga nkhani ya Eliya kawiri usiku wapitawu. Sindinkadziwa kuti mneneri anapemphapo kufa.

Msungichuma wa banki m'khonde, Mulanje (Lachitatu, 10:25 m'mawa)

Amayi a Tadala, Mulungu ndiye anachotsa mayi wa katapila uja pakhomo dzulo, ndipo chonde musabwererekonso. Ine ndasunga ndalama za gulu lathu zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikuuzeni mmene msungichuma amaganizira, chifukwa mwina mukumuopa munthu amene akungodikira kuti mumulankhule.

Chimene chimapha gulu si munthu amene walephera kubweza pa tsiku lake, chifukwa zimenezo zimachitika chaka chilichonse, makamaka miyezi ino ya Januwale ndi Febuluwale pamene chimanga chatha m'nyumba, fizi ikufunika ndipo feteleza wobereketsa akufunikanso. Chimene chimapha gulu ndi munthu amene wazimitsa foni, wasiya kubwera ku msonkhano, ndipo akakuona panjira amakhotera kwina. Pamenepo amayi amayamba kuganiza kuti ndalama zawo zapita, mphekesera zimayamba, ndipo mapeto ake ndi kukanyamula mapoto ndi matiresi a munthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musadikire kuti iwo abwere kwa inu.

Mupite kwa wapampando ndi msungichuma Loweruka lisanafike, mawa kapena Lachisanu. Mutenge K60,000 imene muli nayo, koma muwapemphe kuti kagawo kena katsale m'manja mwanu ngati mpamba, chifukwa akakulandani yonse simudzakhala ndi pogwira kuti mubweze yotsalayo, ndipo msungichuma wanzeru amadziwa zimenezi. Mulembe papepala ndalama imene mungathe kupereka sabata iliyonse, ndipo mulembe yoona, osati yokondweretsa anthu. Mufunsenso ngati malamulo a gulu lanu amalola kuti masheya anu achotsedwe pa ngongoleyo nthawi yogawana, ndiponso ngati muli ndi thumba lapadera la mavuto, chifukwa magulu ambiri amasonkha kandalama kotere pa msonkhano uliwonse. Chiwongoladzanja mwina sachotsa, ndipo musakhumudwe akakana, popeza phindu limenelo ndi limene amayi onse akuyembekezera mu Disembala.

Kuno Freddy anatikokolera minda ndi ziweto, ndipo chaka chimenecho theka la gulu lathu linalephera kubweza pa nthawi yake. Tinakhala pansi, tinapemphera, tinalira, kenako tinatenga kope n'kulemba ndondomeko yatsopano ya munthu aliyense. Gululo lilipobe mpaka lero.

M'bale wa ku Johannesburg (Lachitatu, 8:40 usiku)

Ndikugwirizana ndi onse amene akuti bambo auzidwe, koma ndichenjeze za kauzidwe kake, chifukwa ndinakhalapo mwamuna wopanda ntchito amene mkazi wake ndiye ankadyetsa banja. Munthu wotere amamva chilichonse ngati mlandu wake. Musawauze pamaso pa ana, ndipo musayambe ndi chiwerengero cha ndalama. Muyambe ndi kuwauza kuti mwatopa kusenza nokha ndipo mukufuna nzeru zawo, chifukwa chimene ulova umalanda mwamuna choyamba ndi kumva kuti akufunikabe m'nyumba. Kuno ku Joni ndinabisira akazi anga kwa miyezi inayi kuti ntchito inatha, ndinkakongola kwa anzanga kuti ndizitumiza ndalama kumudzi monga kale. Nditawauza, chimene chinawapweteka sichinali kutha kwa ntchito koma miyezi inayi ija.

Mkulu wa mpingo wopuma, Dowa (Lachinayi, 6:30 m'mawa)

Usiku wonse ndakhala ndikuganiza za mawu a mwana wathuyu akuti anasiya kupita ku Mvano chifukwa cha manyazi, ndipo mlandu ndikuupeza kwa ife atsogoleri. Zaka zimene ndinali mkulu wa mpingo tinkadziwa bwino amene sanapereke chopereka cha chitukuko, mayina awo tinali nawo m'kope, koma sitinkadziwa amene anagona ndi njala. Munthu akasowa milungu iwiri tinkati wafooka mu uzimu, osafunsa ngati ali ndi sopo wochapira yunifomu. Pa Machitidwe 6, udindo woyamba umene mpingo unakhazikitsa pambuyo pa atumwi unali woonetsetsa kuti amasiye alandira chakudya mofanana, ndipo anasankha anthu asanu ndi awiri odzala ndi Mzimu kuti agwire ntchito ya patebulo. Ife tinaisandutsa ntchito yotolera mbale ya chopereka. Ndikanakonda ndikanazindikira zimenezi ndili ndi mphamvu zoyenda m'makomo.

Mwana wanga, lero ndi Lachinayi. Valani yunifomu yanu mupite. Mukafika, werengani mumtima Habakuku 3:17-18, pamene mneneri akutchula mkuyu wosaphuka, minda yopanda chakudya ndi makola opanda ziweto, chimodzichimodzi osabisa kanthu, kenako n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova. Ndime ya 16 imanena kuti milomo yake inkanjenjemera ndipo m'mimba mwake munkabwadamuka pamene ankanena zimenezi.

M'bale wa ku Area 25 (Lachinayi, 12:15 masana)

Ndawerenga zonse ndipo ndikubweza mawu anga a mbewu. Amayi Nachisale anena zoona kuti ndalamayo ndi ya gulu. Pa kusala kudya ndi kupemphera usiku sindisintha, chifukwa ine zinandigwira dzanja pamene ndinalibe wina aliyense, koma ndikuvomera kuti sindinaganizire za thupi la mayi amene akugwira ntchito yolemetsa. Ndikaganiza bwino, miyezi iwiri imene ndinkadikira ntchito ija ndinkadya kwa azakhali anga tsiku lililonse, ndipo pochitira umboni ku tchalitchi sindinawatchulepo ngakhale kamodzi. Amayi a Tadala, mundikhululukire ngati mawu anga anawonjezera katundu wanu. Ndisala kudya mawa m'malo mwanu, inu mudye.

Mayi a Tadala, Chilobwe (Lamulungu, 7:35 madzulo)

Abale anga, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Lachinayi ndinapita ku Mvano miyendo ikulemera, ndipo titaweruka ndinamugwira dzanja msungichuma n'kumupempha kuti tionane Lachisanu. Usiku womwewo ana atagona ndinawauza bambo a Tadala monga achimwene a ku Johannesburg analangizira. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatuluka panja, ndipo ine ndinaganiza kuti banja latha. Atabwerera anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti ndinasenza bwanji zimenezi ndekha miyezi yonseyi iwo ali m'nyumba momwemo. Lachisanu anandiperekeza kwa wapampando.

Gulu lalandira K40,000 ndipo landisiyira K20,000 ya mpamba. Yotsalayo ndizibweza sabata iliyonse mpaka mwezi wa Meyi, chiwongoladzanja sanachotse, ndipo sindiloledwa kutenganso ngongole chaka chino. Pa msonkhano wa dzulo mayi mmodzi analankhula mawu owawa, akuti ena amadya ndalama za anzawo n'kumabwera ndi misozi, ndipo ndinangoweramitsa mutu chifukwa ndalama yake ilimo m'ngongole yangayi. Koma mayi wina amene sindinkacheza naye kwenikweni ananditsatira panjira n'kundiuza kuti amapikula tomato ku Lunzu Lachiwiri lililonse, ndipo tikhoza kumagawana mtengo wa galimoto.

Mvula inagwa usiku wa dzulo ndipo ndinadzukanso, mtima ukugunda ngati kale. Ana sindinawadzutse. Bambo a Tadala anakhala nane pafupi ndi chitseko, tinapemphera Pemphero la Ambuye, ndipo mvula itachepa ndinagona pang'ono. Mantha sanachoke, choncho ndaganiza zopita kuchipatala Lachitatu. Anamwino a ku Zomba, ndikafika pawindo ndikanene kuti ndikudwala chiyani, popeza m'thupi simukupweteka paliponse?

Namwino, Zomba (Lamulungu, 8:10 usiku)

Mukanene monga mwatiuzira kuno. Muwauze kuti munapulumuka ku Freddy, kuti chiyambire nthawi imeneyo simugona mvula ikamagwa, mtima umagunda ndipo mantha amakugwirani, ndipo mupemphe kuonana ndi wa za maganizo. Mutenge buku lanu la kuchipatala, mulawire m'mamawa chifukwa mzere umatalika, ndipo ngati akuuzani kuti munthuyo amabwera tsiku lina, mufunse tsikulo ndi nthawi yake n'kulemba m'bukumo. Ngati bambo a Tadala angathe, apite nanu, chifukwa nawonso analipo tsiku lija ndipo mwanena kuti masiku ano amangokhala chete. Mukawauzenso za ana, makamaka wamng'onoyo, ngati amadzidzimuka kutulo kapena kuopa mvula.